Mafumu Anayi, Ufumu Umodzi: Dongosolo la Diocletian ku Roma

Mu ufumu wa Roma, kukhala ndi mafumu angapo nthawi imodzi sikunkatanthauza kuti dziko lagawidwa. Ufumu unkakhalabe umodzi, ndipo chimene mafumuwo ankagawana inali ntchito. Marcus Aurelius ndi Lucius Verus analamulira limodzi kuyambira mu 161, koma amene anasandutsa zimenezi kukhala dongosolo lokhazikika anali Diocletian.

Iyeyu analowa ufumu mu 284, patatha zaka pafupifupi 50 za chipwirikiti. Mafumu ankaphedwa ndi asilikali awo omwe, ndipo mkulu wa asilikali akapambana nkhondo kutali ndi mfumu, anyamata ake sankachedwa kumulonga ufumu. Adani nawo anali mbali zonse: Aperezi kum'mawa, mitundu ina kutsidya kwa mitsinje ya Rhine ndi Danube. Mu 286 Diocletian anakweza msilikali mnzake Maximian kukhala Augustus, kutanthauza mfumu yaikulu ngati iye. Mu 293 anawonjezera achiwiri awo, Galerius ndi Constantius, pa udindo wa Caesar. Anayiwa ankakhala kufupi ndi malire, m'mizinda ya Nicomedia, Milan, Sirmium ndi Trier, moti mzinda wa Roma unangotsala ndi dzina.

Chithunzi chimene ankafuna kuti anthu aziona chikupezekabe pangodya ya tchalitchi cha San Marco ku Venice. Ndi chosema cha mwala wofiirira: mafumu anayi aima awiriawiri atakumbatirana, aliyense dzanja lina lili pa lupanga, nkhope zawo n'zofanana moti n'kovuta kudziwa kuti uyu ndani. Malamulo ankatulukanso m'maina a onse anayi, monga la mu 301 loika malire pa mitengo ya katundu. Komabe kufananako kunali kwa pamaso chabe. Diocletian ankadzigwirizanitsa ndi mulungu Jupiter, pamene Maximian anapatsidwa Hercules, mwana wa Jupiter, ndipo aliyense ankadziwa mwini mawu omaliza.

Vuto linabuka pa nkhani ya wolowa m'malo. Mu 305 mafumu aakulu awiriwo anatula pansi udindo, achiwiri awo n'kukwera, koma ana a Maximian ndi Constantius anadumphidwa posankha ma Caesar atsopano. Asilikali, amene anazolowera kuti mwana amalowa m'malo mwa bambo ake, sanazimvetse. Constantius atamwalira ku York mu 306, asilikali ake analonga mwana wake Constantine, ndipo chaka chomwecho Maxentius, mwana wa Maximian, analanda mzinda wa Roma. Nkhondo zapachiweniweni zinatsatana mpaka mu 324, pamene Constantine anagonjetsa mfumu inzake Licinius n'kutsala yekha pampando.