Oldřich Kulhánek, Mmisiri Amene Zithunzi Zace Zinazengedwa Mlandu

Munthu akalandira ndarama ya pepala, kapena akamata sitampa pa kalata, saganizira kawirikawiri za mmisiri amene anajambula nkhope iri pamenepo. M'dziko la Czech, pakati pa Ulaya, mmodzi wa amisiri otere anali Oldřich Kulhánek, ndipo mbiri yace itiphunzitsa kuti olamulira ankhanza amaopa cithunzi monga aopera mau.

Kulhánek anabadwa m'caka ca 1940 m'mzinda wa Prostějov. Atakula anapita ku Prague, nalowa sukulu yaikuru ya zaumisiri, kumene mphunzitsi wace anali Karel Svolinský, amenenso anali wojambula masitampa. Anatsiriza maphunziro m'caka ca 1964. Luso lace linali la zithunzi zosindikiza. Mmisiri wotere amapaka phula pa mbale ya mkuwa, najambula paphulapo ndi singano. Tsono mankhwala aukali amadya mkuwa m'mizere monse mwapita singano. Akathira inki m'mizeremo ndi kupanikiza pepala, mbale imodzi ibala zithunzi zambiri.

Masiku amenewo dzikolo linali kuchedwa Czechoslovakia, ndipo linali m'manja mwa cipani ca Komyunizimu. M'mwezi wa August 1968 asilikari a Soviet Union ndi anzao analowamo, nathetsa ufulu umene unayamba kuphuka. Kulhánek sanabise za kumtima kwace: m'zithunzi zina anaikamo nkhope ya Stalin yopotoka. Cifukwa ca ici, m'caka ca 1971 apolisi acinsinsi anamgwira, nati wanyoza maiko acibale. Anakhala m'ndende mwezi umodzi, ndipo kwa zaka ziwiri anali kumuitana milungu iwiri iriyonse kukamfunsa. Potsiriza bwalo la milandu linalamula kuti zina mwa zithunzizo zionongedwe, ngati kuti pepala lingapalamule. Anamletsanso kuonetsa nchito yace poyera. Koma iye sanataye singano yace, ndipo zithunzi zace zinapeza njira yofikira maiko ena.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ulamuliro uja unagwa m'caka ca 1989, ndipo pa 1 January 1993 dzikolo linagawika pawiri, Czech Republic ndi Slovakia. Pofuna ndarama zaozao, Aceki anasankha zojambula za munthu yemwe uja anatsekeredwa. Pa pepala la makoruna 100 anajambula mfumu Charles IV, pa 200 mphunzitsi Comenius, pa 500 mai Božena Němcová wolemba mabuku, ndipo pa 5,000 Tomáš Masaryk, mtsogoleri woyamba wa Czechoslovakia. Anajambulanso masitampa ambiri a positi ya dziko lace.

Kulhánek anamwalira ku Prague pa 27 January 2013. Maina a amene anamzenga mlandu sakumbukika, koma nkhope zimene iye anajambula zikali kuyenda m'manja mwa Aceki tsiku ndi tsiku, pamsika ndi m'sitolo momwe.