Chidindo

Mawu akuti chidindo amachokera ku mneni kudinda, ndipo amatanthauza chizindikiro chotsimikizira kuti chinthu ndi chovomerezeka. Kale pachipata cha dziko ankadinda m'pasipoti, mwiniwake n'kubwerera nayo kwawo. Pa 12 Okutobala 2025, mayiko 29 a ku Ulaya adayamba kutenga zidindo za zala ndi chithunzi cha nkhope ya mlendo, n'kumazisunga m'kompyuta zaka zitatu. Ena amati wosalakwa alibe choopa, popeza njirayi imagwira oyendera mapasipoti achinyengo. N'zoona, koma pasipoti ikabedwa munthu amakatenga ina, pomwe chala sangachisinthe. Choncho boma lotenga chidindo chotere liyenera kunena poyera amene angachione komanso tsiku lochifufuta.