Peugeot 504 ya zitseko ziwiri ndi mbiri ya misewu ya ku Joni

M'Chifalansa mawu akuti coupé amachokera ku mneni couper, kutanthauza kudula. Poyamba ankanena ngolo yokokedwa ndi akavalo yomwe amisiri anaifupikitsa pochotsa mipando ina. Galimoto zitabwera, dzinali linasamukira ku galimoto ya zitseko ziwiri, ya denga lotsika, yomwe mipando yake yeniyeni ndi iwiri yakutsogolo. Nawo mawu akuti grand tourisme akukumbutsa za maulendo ataliatali amene ana a anthu olemera a ku Ulaya ankayenda kukaona mizinda ya ku France ndi Italy. Choncho maina okhawa akuulula kale mwini galimoto yotere: munthu woyenda mwa kufuna kwake, wopanda katundu wambiri, wosanyamula abale. Nkhani ino ikulondola mbiri ya imodzi mwa galimoto zoterezi, Peugeot 504 Coupé, ndi malo ake mu mzinda wa Johannesburg, umene Amalawi timautcha Joni.

Kampani ya Peugeot inatulutsa 504 ya zitseko zinayi m'chaka cha 1968, ndipo inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya ya chaka cha 1969. M'mwezi wa Malichi 1969, pa chionetsero cha ku Geneva, panaonekera mng'ono wake wa zitseko ziwiri. Thupi lake analijambula ndi kuliumba ndi amisiri a Pininfarina ku Turin, m'dziko la Italy, pamene injini ndi za kunsi zinali za ku Sochaux, kwawo kwa Peugeot. Poyamba inali ndi injini ya masilinda anayi, koma mu 1974 inalandira injini ya masilinda asanu ndi imodzi, ya malita 2.7, imene Peugeot, Renault ndi Volvo anapangira limodzi. Pamene ankasiya kuipanga mu 1983, zinali zitatuluka pafupifupi 26,000 zokha, kusiyana ndi za zitseko zinayi ndi zibale zake zimene zinapitirira 3 miliyoni.

Ngakhale inapangidwira misewu yosalala ya ku Ulaya, kutchuka kwake inakupezera m'fumbi ndi m'matope a mu Africa. Mkulu wake, Peugeot 404, anali atapambana kale mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mu 1975 Ove Andersson anapambana mpikisano womwewo ndi 504 ya zitseko zinayi, ndipo mu 1978 Jean-Pierre Nicolas anapambana Safari ku Kenya komanso Bandama ku Côte d'Ivoire ndi 504 Coupé ya masilinda asanu ndi imodzi. Chinsinsi chinali chimodzi pa banja lonseli: injini yoyendetsa matayala akumbuyo, masipuling'i olola mabampu akuluakulu, ndi zitsulo zimene makaniko aliyense akanatha kukonza.

Ku South Africa mbiri ya ana awiri a mimba imodziwa inapatukana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 boma linkalamula kuti gawo lina la zipangizo za galimoto lizipangidwa m'dziko momwemo, ndipo galimoto yobwera yathunthu inkalipira msonkho wokwera. Motero Peugeot 404 ndi 504 za zitseko zinayi zinkalumikizidwa ku Natalspruit, kum'mwera chakum'mawa kwa Johannesburg, n'kudzaza misewu. Ya zitseko ziwiri sinalumikizidwepo kumeneko. Inkatuluka ku fakitale ndi chiongolero cha kumanzere, pamene maiko a kuno kwathu amayenda kumanzere kwa msewu ndi chiongolero cha kumanja. Wofuna kukhala nayo ankayenera kuiitanitsa yekha, ndipo pansi pa ulamuliro wa tsankho la apartheid chuma chotere chinali makamaka m'manja mwa azungu a m'madera a kumpoto kwa mzindawo.

Chaka cha 1974 chikutithandiza kuona mbali ina ya mzinda womwewo. Pa nthawiyo Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa, ambiri atalembedwa ndi bungwe la WNLA, limene pakamwa pathu linasanduka Wenela. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, ndi kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a m'migodi. Anthu amenewa ndiwo anali eni maulendo ataliatali enieni a chigawo chino. Ankagona m'makomponi, ankayenda ndi pasi, ndipo pobwerera ankanyamula mabulangete, wailesi, njinga ndi sutikesi ya malata. Golide amene ankakumba ndi amene anamanga mzinda umene galimoto zodulazo zinkayendamo.

Lero zinthu zili motere. Peugeot ya zitseko ziwiri, pokhala inali yosowa kuyambira pachiyambi, yasanduka chuma cha osonkhanitsa galimoto zakale. Iwo amaifunafuna, amaisunga m'garaja, ndipo mdani wake wamkulu ndi dzimbiri, chifukwa malata a thupi lake sapezeka mosavuta monga zipangizo za injini. Ya zitseko zinayi ndi ya bokosi, zimene zinapitiriza kulumikizidwa ku Kenya ndi ku Kaduna, ku Nigeria, mpaka m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, zinagwira ntchito ya takisi ndi matola, zinanyamula chimanga, odwala ndi maliro, kufikira zitatheratu. Zambiri zinaphwasulidwa kuti zinzake zipeze masipeya.

Apa pali phunziro kwa olemba mbiri. Chinthu chimene chimapulumuka nthawi zambiri ndi chimene chinagwira ntchito pang'ono, ndipo wodzaona zotsala patsogolo angaganize kuti misewu yathu inali ya anthu oyenda awiriawiri. Mzinda wa Johannesburg uli ndi nyumba yosungiramo za maulendo ya James Hall Museum of Transport, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo muli ngolo, njinga, mabasi ndi galimoto za mibadwo yosiyanasiyana. Ntchito yotere ifunika ifalikire m'chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa. Tiyenera kusunga Peugeot yokongola ya Pininfarina chifukwa cha luso la amisiri ake, koma pambali pake paimenso ya bokosi yoperepeseka, ndipo mawu a madalaivala, amakaniko ndi matchona amene akali ndi moyo ajambulidwe m'zilankhulo zawo eni ake asanatsikire kuli chete.