Mawu a Buddha: kuchoka pakamwa kufika pamwala

Buddha sanasiye buku. Buddhayo, Siddhattha Gotama, yemwe anakhala kumpoto kwa India cha m'ma 400 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa ndi pakamwa, ndipo maulaliki ake, omwe m'chinenero cha Pali amatchedwa masutta, anawaumba moti azilowezeka.

Ulaliki woyamba anaupereka ku Isipatana, pafupi ndi Varanasi, kwa anthu asanu. Unali ndi mfundo zinayi: moyo uli ndi masautso, gwero lake ndi chilakolako chosakhuta, chilakolakocho chikazima, masautso amatha, ndipo njira yochizimitsira ili ndi mbali 8, monga kulankhula zoona, kupeza chakudya mosapweteka wina ndi kukhazikitsa maganizo. Mfundo zoikidwa m'manambala chonchi siziiwalika msanga. Mpukutu wa Anguttara Nikaya unachita kusanja masutta ake motsatira manambala, kuyambira 1 mpaka 11.

Mbiri ya Abuda imati iye atamwalira, amonke 500 anakumana ku Rajagaha. Mwa amonkewo, Mahakassapa ankafunsa, Ananda n'kumalakatula maulaliki, Upali malamulo a amonke. Kuchokera apo magulu anagawana ntchito yoloweza, akumaimbira pamodzi kuti wina akaphonya, anzake amubweze. N'chifukwa chake ndime imodzi imabwerezedwa kambirimbiri.

Mahinda, mwana wa mfumu Ashoka, anapita ndi chiphunzitsochi ku Sri Lanka cha m'ma 200 Yesu asanabadwe. Patapita zaka pafupifupi 200, nkhondo ndi njala zinavuta kumeneko m'nthawi ya mfumu Vattagamani Abhaya. Amonke anaona kuti woloweza akafa, amapita nawo mawuwo kumanda. Choncho ku Aluvihara anawalemba pamasamba ouma a mtengo wangati mgwalangwa, akumakanda zilembo ndi kachitsulo kosongoka. M'zaka za m'ma 400 Yesu atabadwa, Buddhaghosa analemba m'Chipali ndemanga zowamasulira ali ku Anuradhapura.

Ku Mandalay, m'dziko la Burma, mfumu Mindon inalamula kuti malemba onsewa, otchedwa Tipitaka, agobedwe pamiyala 729, ndipo inaitanitsa msonkhano wa amonke mu 1871. Mu 1881, T. W. Rhys Davids anakhazikitsa Pali Text Society ku England, malembawa n'kuyamba kusindikizidwa m'zilembo zachilatini.

Komabe makina sanathetse kuloweza. Pamsonkhano wa ku Yangon, kuyambira 1954 mpaka 1956, Mahasi Sayadaw ankafunsa ndipo Mingun Sayadaw, amene analoweza Tipitaka yonse, ankayankha pamtima. Kwa Abuda a Theravada, omwe amatsatira malembawa, sutta imasungika kwenikweni ikakhala mwa munthu amene angathe kuinena ndi kuitsata.