Machenjera ndi Kasankhidwe ka Malo pa Mpikisano wa Sprint wa Ski

Sprint ndi mpikisano waufupi kwambiri pa masewero a ski odutsa m'zitunda ndi m'zigwa, momwe opikisana amatsetsereka pa chipale chofewa atamanga kumapazi timatabwa tiwiri tatitali totchedwa ski, uku akudzikankha ndi ndodo ziwiri. Kutalika kwa njira yake sikupitirira makilomita 1.8, ndipo akatswiri amaimaliza m'mphindi pafupifupi zitatu. Mpikisanowu unachitika koyamba pa masewero a akatswiri a dziko lonse ku Lahti, m'dziko la Finland, mu 2001, ndipo pa Olimpiki unayambira ku Salt Lake City mu 2002, komwe Tor Arne Hetland wa ku Norway anapambana kumbali ya amuna.

Malinga ndi malamulo a bungwe la FIS, lomwe limayendetsa masewerowa, tsiku limayamba ndi ndime yachipulula, pomwe aliyense amanyamuka payekha motalikirana, kawirikawiri ndi masekondi 15, ndipo anthu 30 amene athamanga kwambiri ndiwo amapitirira. M'kotafainolo, amenewa amagawidwa m'magulu asanu a anthu asanu ndi mmodzi, ndipo awiri oyamba m'gulu lililonse amalowa m'semifainolo limodzi ndi ena awiri omwe nthawi yawo yaposa ya otsala onse. Dongosolo lomweli limatsatidwa posankha olowa m'ndime yotsiriza. Choncho wofuna mendulo amazungulira njira yomweyo kanayi m'maola ochepa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya machenjera, chifukwa mphamvu zotayidwa pachabe m'kotafainolo sizibwereranso msanga. Pa mipikisano ikuluikulu opikisana amadzisankhira okha gulu la kotafainolo, ndipo akatswiri ambiri amakonda magulu oyambirira ngakhale muli adani oopsa, popeza woyamba kuthamanga amakhala ndi nthawi yotalikirapo yopuma.

Mkati mwa gulu, funso lalikulu ndi la malo oyenera kukhala. Wotsogola amadzisankhira mzere ndipo sakodwa m'ngozi za anzake, koma ndiye amene amalimbana ndi mphepo, pamene womutsatira pafupi amabisala kumsana kwake n'kusunga mphamvu. Phindu lobisalali limakula pamtsetse, pomwe liwiro limakhala lalikulu, moti wachiwiri amatha kutuluka kumsana kwa mnzake ali ndi liwiro loposa n'kumupitirira njira ikayamba kusalala. N'chifukwa chake pa njira zothera ndi mtsetse wautali opikisana nthawi zina amazengereza pamwamba pa chitunda chomaliza, aliyense akukana kutsogola. Kuzengereza kotereku kuli ndi mtengo wake, pakuti gulu loyenda pang'onopang'ono silingapereke aja awiri opitirira chifukwa cha nthawi. Kutsalira pa malo achisanu kapena omaliza n'koopsa kwambiri, chifukwa njira zambiri n'zopapatiza ndipo mpata wodutsira ungatsekeke mpaka kumapeto.

Pokhota ndi pomwe mipikisano yambiri imagamulidwa, popeza wolowa mkati mwa kona amafupikitsa njira n'kukakamiza anzake kuzungulira kunja. Pa Olimpiki ya ku Sochi mu 2014, amuna atatu mwa asanu ndi mmodzi a m'ndime yotsiriza anagwa pa kona ya pamtsetse, ndipo Emil Jönsson wa ku Sweden, yemwe anali atatsalira kutali chifukwa chotopa, anawadutsa n'kutenga malo achitatu, pamene Ola Vigen Hattestad wa ku Norway, amene anali patsogolo pa ngoziyo, anatenga golide. Katswiri amene waonetsa bwino koposa luso la malo ndi Johannes Høsflot Klæbo wa ku Norway, yemwe anapambana sprint pa Olimpiki ya 2018 ndi ya 2022. Iye amadziwika ndi kuthamanga pachitunda ndi masitepe afupiafupi ngati wosavala ski, komanso ndi kuponda mofulumira pokhota m'malo mongotsetsereka, kotero kuti amatuluka pa kona ali ndi liwiro loposa la anzake.

Gawo lomaliza la njira limagawidwa m'mizere yolembedwa pa chipale, ndipo wotsogola ndiye amayamba kusankha mzere. Wotchinga mnzake mwadala angathe kutsitsidwa n'kuikidwa pa malo omaliza m'gulu lake. Wopambana amadziwika ndi nsonga ya nsapato imene yayamba kufika pamzere, osati nsonga ya ski, choncho opikisana amaphunzira kuponya mwendo umodzi kutsogolo panthawi yeniyeni, ngakhale kutero kumawagwetsa akangodutsa mzere. Pa Olimpiki ya ku Vancouver mu 2010, Nikita Kriukov ndi Alexander Panzhinskiy, onse a ku Russia, anafika pamzere limodzi ataponya miyendo chotero, ndipo oweruza anapereka golide kwa Kriukov atayang'ana chithunzi cha pamzere.