Mbiri ya Nkhotakota Siithera Pansi pa Mkuyu

Mlendo akafika ku Nkhotakota amaonetsedwa mkuyu umene David Livingstone adakumaniranapo ndi Jumbe m'chaka cha 1863, nkhani nkuthera pomwepo. Komatu Salim bin Abdallah adakhazikika kumeneko cha m'ma 1840, ndipo m'nthawi ya a Jumbe ndimo mudamera Chisilamu, ulimi wa mpunga ndi zombo zowoloka nyanja. Mudakulanso malonda a akapolo. Zimenezi tisabise, abale anga, pakuti lero zidzukulu za ogwidwa ndi za owagwira zimaswali pamzere umodzi. Chodandaulitsa nchakuti zambiri zidalembedwa m'Chingerezi, m'mabuku amene msodzi wa ku Linga sadawaonepo. Mbiriyi ilembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, iwerengedwe m'madrasa, ndipo amayi okalamba afunsidwe akadali moyo.