Dzina la Kassim: tanthauzo ndi chiyambi chake

M'masukulu, m'misika ndi m'mizikiti ya ku Limbe, Ndirande ndi Bangwe, dzina la Kassim limamveka kawirikawiri. Ena amalemba Cassim, ena Qasim, pamene akuluakulu ambiri amatchula kuti Kasimu. Onsewa ndi dzina limodzi la amuna lochokera ku Chiarabu.

Dzinali likuchokera ku mneni wakuti qasama, kutanthauza kuti "anagawa". Choncho Qasim ndi munthu wogawa, amene amapatsa aliyense gawo lake. N'chifukwa chake anthu amaligwirizanitsa ndi kuwolowa manja komanso chilungamo. Ku tsinde lomweli n'kumene kunachokera dzina la bwalo la Taksim mumzinda wa Istanbul, malo amene kale ankagawirapo madzi opita m'madera a mzindawo.

Asilamu amalilemekeza dzinali chifukwa mwana wamwamuna woyamba wa Mtumiki Muhammad ndi mkazi wake Khadija anali al-Qasim. Mwanayo anamwalira ali wamng'ono ku Makka, koma Mtumiki ankatchedwabe Abu al-Qasim, kutanthauza bambo a Qasim.

Kuno ku Malawi, mayina a Chiarabu anafala limodzi ndi Chisilamu, chimene chinadza ndi amalonda ochokera ku Kilwa ndi Zanzibar. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo pambuyo pake mafumu a Ayao monga Makanjira ndi Mponda analandira chipembedzochi. Anthu ochokera ku Mangochi ndi Machinga atabwera kudzafuna ntchito ku Blantyre, mayinawa anakhazikikanso m'tauni. Mmodzi mwa odziwika ndi dzinali ndi Cassim Chilumpha wa ku Nkhotakota, yemwe anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 2004 mpaka 2009.

Kusiyana kwa kalembedwe kuli ndi chifukwa chake. Chilembo cha Chiarabu cha qaf chimatchulidwa chakukhosi, ndipo Chichewa ndi Chiyao zilibe liwu lotere, motero K kapena C ndi amene amalowa m'malo mwake. U wa kumapeto kwa Kasimu amabwera chifukwa mawu athu amathera ndi lembo la liwu.

Makolo osankha dzinali achita bwino kutsata kalembedwe kamodzi kuyambira pa kalata ya kubadwa. Ngati satifiketi ya sukulu ikuti Cassim pamene chiphaso cha unzika chikuti Kassim, mwini wake angavutike kutsimikiza ku banki kapena pofunsira ntchito kuti ndi munthu mmodzi yemweyo.